Mmene Mungayezere Chiopsezo ndi Phindu Posankha Anyamata Osewera Kutsogolo mu Draft ya Hockey

Anthu ambiri amene amakonza mndandanda wa anyamata oyenera kusankhidwa mu draft ya NHL (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, amasankha anyamata atsopano motsatizana), kaya ntchito yawo ndi yofufuza osewera kaya amayendetsa timu mu ligi ya fantasy (mpikisano wa matimu ongopanga amene amadalira ziwerengero za osewera enieni) imene wosewera amasungidwa kwa zaka zambiri, amapunthwa pamalo amodzi omwewo chaka ndi chaka. Akakumana ndi anyamata awiri, wina wooneka kuti sadzakhumudwitsa ndi wina amene angadzakhale katswiri kapena kuzimiririka osadziwika, amagamula potsatira mantha kapena chisangalalo cha tsiku limenelo. Malangizo awa ndi a hockey ya pa ayezi, ndipo akukhudza osewera kutsogolo okha, kutanthauza wapakati ndi mawinga awiri. Cholinga chake ndi chakuti chiopsezo muchigawe m'mitundu yake, muzindikire chimene chingakonzedwe ndi chimene sichingakonzedwe, ndipo mulembe chigamulo chanu tsiku la draft lisanafike.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Tsiku lobadwa la mnyamata aliyense, kutalika kwake, kulemera kwake ndi mbali imene amagwirira ndodo. Masamba a pa intaneti a Elite Prospects ndi HockeyDB ali ndi zambiri mwa zimenezi.
- Ziwerengero za masizoni awiri kapena atatu apitawa, osati za chaka cha draft chokha, pamodzi ndi ziwerengero za anzake a m'timu imodzi.
- Mavidiyo a masewero athunthu osachepera asanu a mnyamata aliyense amene mukumuganizira kwambiri.
- Mndandanda wa NHL Central Scouting, nthambi ya ligiyi yofufuza osewera, ndi ina iwiri kapena itatu ya anthu odalirika, imene mudzaitsegule pokhapokha mutamaliza wanu.
- Mbiri ya kuvulala kwake, mgwirizano umene ali nawo ndi timu yake ya panopa, ndi kumene akuyembekezeka kusewera chaka chamawa.
- Kope kapena tebulo la pa kompyuta, ndi manambala onse amene timu yanu idzasankhire.

1. Dziwani chimene mukufuna kupeza mu draft

Draft ya NHL ili ndi ndime 7 ndipo matimu alipo 32, kotero anyamata amene amasankhidwa chaka chilichonse ndi pafupifupi 224, ndipo ambiri mwa amene amatengedwa m'ndime zakumapeto sakhazikika mu ligiyi. Pa masewero alionse timu imakhala ndi osewera kutsogolo 12 amene amagawidwa m'mizere inayi ya anthu atatuatatu. Osewera a mzere wachitatu ndi wachinayi amapezeka chaka chilichonse pamtengo wotsika pakati pa amene migwirizano yawo yatha, pamene munthu womwetsa zigoli 35 kapena 40 pa sizoni timu yake siimutaya wamba, ndipo akapezeka pamsika mtengo wake umadya gawo lalikulu la ndalama zimene ligi imalola timu kulipira osewera. Draft ndiye malo okhawo amene munthu wotere mungamupeze asanadule.

Lembani pamwamba pa kope lanu kuti mukufunafuna osewera a mizere iwiri yoyamba, ndipo mnyamata aliyense mumuyeze ndi funso limenelo.

Chenjezo: Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, koma mu draft palibe fodya amene wafika kale pamphuno, chifukwa mnyamata aliyense wa zaka 18 adakali pachala. Amene amatchedwa wodalirika nthawi zambiri amakhala wolimbikira, womvera mphunzitsi, koma wosamwetsa zigoli zambiri pakati pa anzake a zaka zofanana. Ambiri mwa amene akusewera mzere wachitatu mu NHL anali omwetsa zigoli kwambiri ali achichepere, ndipo anatsikira pa ntchito imeneyo luso lawo litachepera ligi yaikulu. Mnyamata amene wayambira kale pa ntchito yotchinga ndi kulimbana alibe potsikira, ndipo akachepa pang'ono pokha amathera mu AHL, ligi yapansi pa NHL.

2. Werengani mapointi ake mogwirizana ndi zaka zake ndi ligi yake

Kuti mnyamata alowe mu draft ayenera kukwanitsa zaka 18 pofika pa 15 Seputembala chaka chimenecho. Lamuloli limachititsa kuti m'gulu limodzi mukhale anyamata osiyana ndi pafupifupi chaka chathunthu, ndipo pa zaka zimenezi miyezi khumi imasintha kwambiri mphamvu za thupi. Mu 2020, Alexis Lafrenière amene anasankhidwa koyamba anabadwa mu Okutobala 2001, pamene Quinton Byfield amene anasankhidwa kachiwiri anabadwa mu Ogasiti 2002. Poyerekeza anyamata awiri otere, onaninso zimene wamkuluyo anachita sizoni yapitayo, pamene anali ndi zaka zoyandikana ndi za wamng'onoyo.

Kenako yang'anani ligi. Mapointi (chigoli chilichonse kapena pasi yobala chigoli ndi pointi imodzi) a mu OHL, WHL ndi QMJHL ku Canada, kapena mu USHL ku America, amapezeka polimbana ndi anyamata anzake, pamene mu SHL ya ku Sweden, Liiga ya ku Finland ndi KHL ya ku Russia mnyamata amasewera ndi amuna okhwima ndipo nthawi zina amapatsidwa mphindi zochepa kwambiri. Mapointi 15 m'maligi amenewa akhoza kukhala umboni wamphamvu kuposa mapointi 70 a ku Canada. Elias Pettersson anasewera chaka chake cha draft ku Timrå, mu ligi yachiwiri ya ku Sweden, ndipo ankapeza pafupifupi pointi imodzi pa masewero alionse pakati pa amuna akuluakulu. Vancouver inamutenga pa nambala 5 mu 2017, ndipo mu 2019 analandira Calder Trophy, mphotho ya wosewera watsopano wopambana onse.

Chenjezo: Musamuyerekeze mnyamata wa zaka 19 kapena 20 amene anadumphidwa m'madraft apitawa ndi anzake a zaka 17 ngati kuti ali pa mlingo umodzi. Mapointi ake akakwera mwadzidzidzi, funsani ngati wapeza luso latsopano limene mungalione ndi maso kapena wangokula thupi kuposa amene akulimbana nawo.

3. Gawani mapointi ake kuti muone kumene akuchokera

Chiwerengero chonse cha mapointi chimabisa zambiri, choncho chigaweni patatu. Choyamba, patulani zimene anapeza pa power play, pamene timu inayo yachepa munthu chifukwa cha chilango, ndi zimene anapeza matimu onse ali okwana. Mnyamata akafika mu NHL sapatsidwa power play mwamsanga, ndipo adzayenera kudzipezera malo posewera asanu kwa asanu. Chachiwiri, werengani zigoli ndi mapasi omaliza amene anabala chigoli, ndipo mapasi achiwiri muwapatse mtengo wochepa. Chachitatu, onani gawo la zigoli zonse za timu limene iye anakhudzidwa nalo, chifukwa mapointi 80 m'timu yovutika ndi olemera kuposa mapointi 80 m'timu imene aliyense akumwetsa. Jason Robertson anamwetsa zigoli 42 ku Kingston m'chaka chake cha draft, m'timu imene inkavutika kupeza zigoli, komabe anatsala mpaka pa nambala 39 mu 2017, pamene Dallas inamutenga. Mu sizoni ya 2022-23 anapeza mapointi 109.

Nkhani ya anzake a mu mzere ndi yofunika kuifufuza modekha, osangoigwiritsa ntchito ngati chifukwa chokanira munthu. Alex DeBrincat anamwetsa zigoli 51 ku Erie mu 2014-15 akusewera m'timu imodzi ndi Connor McDavid, ndipo kunali kosavuta kunena kuti akudyera pa mnzake. McDavid atapita ku Edmonton, DeBrincat anamwetsanso zigoli 51 sizoni yotsatira. Umboni unali pamenepo, koma chifukwa chakuti kutalika kwake kunali pafupifupi masentimita 170, anasankhidwa ndi Chicago pa nambala 39 mu 2016, ndipo m'sizoni yake yachiwiri mu NHL anamwetsa zigoli 41. Mnyamata akamasewera ndi katswiri, fufuzani masewero amene katswiriyo anali atavulala kapena atapita ku timu ya dziko, ndipo muone ngati mnyamata wanu ankapangabe mipata.

Chenjezo: Kugawa kumeneku kumakuuzani funso loti mufufuze, koma sikupereka chigamulo. Tage Thompson anamwetsa zigoli 14 ku University of Connecticut m'chaka chake cha draft, ndipo 13 mwa izo zinali za pa power play. Amene akanamuchotsa pamndandanda pa chifukwa chimenechi chokha akanataya munthu amene anadzamwetsa zigoli 47 ku Buffalo mu 2022-23.

4. Onerani masewero athunthu, maso ali pa iye yekha

Sankhani masewero osachepera asanu, ndipo pakhale amene timu yake inagonja, amene anasewera koyenda, ndi amene sanapeze pointi iliyonse. Nthawi iliyonse akalowa pa ayezi, musatsatire puck, kachinthu ka labala kamene amamenya ndi ndodo, koma mutsatire iye. Onani ngati amatembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo kwa phewa puck isanamufike, chifukwa wosewera amene amadziwa kale kumene anthu ali amapanga chisankho asanapanikizidwe. Onani ngati amalowa m'dera la kutsogolo kwa golo, kumene zigoli zambiri zimachokera, kapena amangozungulira m'mbali mwa khoma n'kumamenya ali kutali. Onani ngati amadziwa kuchepetsa liwiro kuti mnzake apeze mpata, komanso chimene amachita m'masekondi atatu oyamba atalandidwa puck.

Kwa anyamata a ku Ulaya kumbukirani kukula kwa bwalo. Bwalo la NHL ndi la mamita pafupifupi 26 m'lifupi, pamene mabwalo ambiri a ku Ulaya amafika mamita 30. Winga amene amadalira kuthawira m'mbali kumene kuli malo ambiri adzapeza kuti malowo kulibe akafika ku North America.

Nail Yakupov anasankhidwa koyamba ndi Edmonton mu 2012 atadziwika ku Sarnia chifukwa cha liwiro ndi kumenya puck mwamphamvu. Anasewera masewero 350 mu NHL n'kubwerera ku Russia mu 2018. Liwiro ndi mphamvu ya kumenya zimaoneka bwino m'mavidiyo achidule a zigoli, koma kuwerenga masewero kumaoneka pokhapokha munthu ataonera mphindi zimene palibe chochititsa chidwi chikuchitika.

Chenjezo: Ngati mnyamata akudutsa otchinga kumbuyo chifukwa chongowaposa thupi kapena liwiro, dzifunseni chimene chidzatsale aliyense akadzakhala wamphamvu ndi wothamanga ngati iye.

5. Siyanitsani zofooka zokonzeka ndi zosakonzeka

Apa ndi pamene ntchito yaikulu ili, ndipo ndi pamene mawu akuti chiopsezo amasocheretsa anthu, chifukwa amaphatikiza zinthu zosiyana kwambiri. Lembani chofooka chilichonse cha mnyamata, ndipo muchiike m'gulu limodzi mwa atatu.

Gulu loyamba ndi la zinthu zimene nthawi ndi aphunzitsi amakonza kawirikawiri: kuwonda, kuchepa mphamvu m'manja ndi m'miyendo, kusadziwa malo oyenera kuima timu ikamatchinga, ndi kulephera kupambana faceoff, pamene osewera awiri amalimbirana puck imene woyimbira waponya poyambitsa masewero. Mnyamata wa zaka 18 ali ndi zaka zinayi kapena zisanu zoti akule. Pa mayeso a thupi amene NHL imachita draft isanafike, Sam Bennett analephera kudzikweza pa chitsulo ngakhale kamodzi mu 2014, ndipo nkhaniyo inafalikira kwambiri, koma Calgary inamutengabe pa nambala 4. Mu 2025, ali ku Florida, analandira Conn Smythe Trophy monga wosewera wopambana onse m'masewero olimbirana Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL. Chofooka cha gulu limeneli chisamutsitse mnyamata kuposa malo ochepa pamndandanda wanu.

Gulu lachiwiri ndi la kuthamanga pa ayezi, kumene kumakonzeka kwa ena ndipo kwa ena sikukonzeka. Brayden Point anapeza mapointi 91 ku Moose Jaw m'chaka chake cha draft, koma chifukwa cha thupi laling'ono ndi kukayikira liwiro lake anafika mpaka pa nambala 79 mu 2014. Tampa Bay, imene inamutenga, inamupereka kwa mphunzitsi wa kuthamanga pa ayezi Barb Underhill, ndipo anadzakhala mmodzi mwa othamanga bwino m'ligi, anatenga Stanley Cup mu 2020 ndi mu 2021, n'kumwetsa zigoli 51 mu 2022-23. Mark Stone, amene Ottawa inamutenga pa nambala 178 mu 2010, sanakhalepo wothamanga kwambiri, koma amadziwa kumene puck ikupita ndipo amaifikira ena asanaganize, ndipo anali kaputeni wa Vegas pamene inatenga chikho mu 2023. Pa anthu awiriwa pali phunziro limodzi: vuto la kuthamanga ndi loyenera kulilandira pamene mnyamatayo ali ndi nzeru za masewero zoposa anzake ndipo ali ndi mbiri yolimbikira pa maphunziro. Ngati ndi wochedwa miyendo komanso wochedwa kuganiza, musamutenge.

Gulu lachitatu ndi la zinthu zimene sizisintha kawirikawiri: kusaona anzake pa ayezi, kuchedwa kupanga chisankho, ndi kusafuna kulowa m'malo amene munthu amagundidwa. Ine ndimaona kuti mnyamata amene ali ndi vuto la gulu limeneli ndi woopsa kuposa wina aliyense, ngakhale thupi lake ndi liwiro lake zitakhala zokopa chotani, chifukwa palibe chilimwe chimene mphunzitsi angamupatse maso atsopano.

Kutalika kukufunika mawu akeake. Sikusintha, koma pakokha si chofooka. Kwa mnyamata wamfupi, funsani ngati ali ndi chida chimodzi choposa anzake onse chimene chingamusungire malo m'mizere iwiri yoyamba, chifukwa aphunzitsi ambiri sakonda kuika munthu wamfupi mu mzere wachinayi. Cole Caufield anamwetsa zigoli 72 m'timu ya anyamata ya dziko la America mu 2018-19, ndipo Montreal inamupeza pa nambala 15. Kwa mnyamata wamtali, funsani funso lomwelo mosamukondera. New York Rangers inatenga Hugh Jessiman, wa pafupifupi mamita awiri, pa nambala 12 mu 2003, pamene Zach Parise, Ryan Getzlaf ndi Corey Perry anali asanasankhidwe, ndipo Jessiman anasewera masewero 2 okha mu NHL. Njira yothandiza ndi kulemba zimene mumakonda pa mnyamatayo osatchula thupi lake. Ngati pepala latsala lopanda kanthu, mukusankha thupi lokha.

6. Yezani chiopsezo cha kunja kwa ayezi padera

Kuvulala, migwirizano ndi kukana kusaina ndi zoopsa zenizeni, koma sizichepetsa luso la munthu, choncho zilembeni m'danga lakelake. Pa kuvulala, siyanitsani ngozi ya kamodzi ndi vuto lobwerezabwereza. Mathew Barzal anavulala bondo m'chaka chake cha draft ndipo anatsika mpaka pa nambala 16 mu 2015, koma anachira n'kupeza mapointi 85 ndi Calder Trophy mu 2017-18 ku New York Islanders. Nolan Patrick anasewera masewero 33 okha ku Brandon m'chaka chake cha draft, Philadelphia inamutenga pa nambala 2 mu 2017, ndipo mavuto a thanzi anamutsatira mpaka anaphonya sizoni yonse ya 2019-20. Ngati muli ndi madokotala, mawu awo akhale omaliza, ndipo ngati mulibe, onani ngati masewero ophonyedwa akubwereza chaka ndi chaka.

Kwa anyamata a ku Russia, funso ndi la nthawi yodikira. Minnesota inatenga Kirill Kaprizov pa nambala 135 mu 2015 n'kudikira zaka zisanu, ndipo atafika analandira Calder Trophy mu 2021. Matvei Michkov anali ndi mgwirizano ndi SKA ya ku Saint Petersburg wofika mpaka 2026, chimene chinathandiza kuti Philadelphia imupeze pa nambala 7 mu 2023, koma anafika mu 2024. Timu imene ikumanga kuchokera pansi sitaya zambiri podikira, chifukwa mnyamata akupitiriza kukula mu ligi yamphamvu.

Kwa amene akupita ku makoleji a NCAA, bungwe la masewero a m'makoleji ku America, chiopsezo ndi chakuti angakane kusaina. Jimmy Vesey anasankhidwa ndi Nashville mu 2012, anamaliza zaka zinayi ku Harvard, n'kusaina ndi New York Rangers mu 2016. Cutter Gauthier anasankhidwa ndi Philadelphia pa nambala 5 mu 2022, sanafune kusaina, ndipo anasinthidwa kupita ku Anaheim mu Januwale 2024. Kuyambira mu 2025 anyamata a m'maligi a ku Canada akuloledwa kupita ku NCAA, kotero musaganize kuti njira ya mnyamata wa ku OHL kapena WHL ndi yodziwikiratu monga kale.

7. Lembani mapeto anayi ndi mwayi wa alionse

Kwa mnyamata aliyense lembani mapeto anayi: kukhala katswiri, kukhazikika m'mizere iwiri yoyamba, kukhazikika m'mizere iwiri yomaliza, ndi kusakhazikika mu NHL. Mapeto alionse apatseni mtengo, mwachitsanzo 10, 6, 2 ndi 0, kenako gawani mwayi wokwana magawo 10 pakati pa mapeto anayiwo. Manambalawa ndi anu ndipo mukhoza kuwasintha, koma muwagwiritse ntchito mofanana kwa onse.

Tiyerekeze kuti mnyamata woyamba mwamupatsa 0 pa ukatswiri, 2 pa mizere yoyamba, 6 pa mizere yomaliza ndi 2 pa kulephera. Mukachulukitsa ndi mitengo ija mupeza 12 kuphatikiza 12, zonse pamodzi 24. Wachiwiri mwamupatsa 1 pa ukatswiri, 3 pa mizere yoyamba, 1 pa mizere yomaliza ndi 5 pa kulephera, ndipo mupeza 10 kuphatikiza 18 kuphatikiza 2, zonse pamodzi 30. Wachiwiriyu akhoza kulephera mosavuta kuposa woyamba, koma ndi amene ali ndi phindu lalikulu, ndipo mungachione chimenechi pokhapokha mutalemba. Pomaliza chotserani pang'ono molingana ndi zimene munapeza pa sitepe 6.

Chenjezo: Pansi pa mwayi uliwonse lembani chiganizo chimodzi chofotokoza chimene chiyenera kuchitika kuti mnyamata afike pamenepo. Ngati kuti akhale katswiri pakufunika kuti akonze liwiro, aphunzire kuona anzake, ndiponso asiye kuvulala, ndiye kuti mwayi umene mwalemba ndi waukulu kwambiri ndipo muuchepetse.

8. Ikani mndandanda m'magulu, ndipo muusunge pa tsiku la draft

Anyamata amene manambala awo ayandikana aikeni m'gulu limodzi. M'kati mwa gulu mukhoza kusankha potengera zosowa za timu, ndipo pakakhala kufanana kondani wapakati, chifukwa wapakati akalephera amasamukira ku winga mosavuta pamene winga sasanduka wapakati kawirikawiri. Musalumphe gulu lapamwamba kuti mukatenge wa gulu lapansi.

Mlingo wa chiopsezo chimene mungalandire umadalira nambala. Pa manambala asanu kapena khumi oyamba mukhoza kupeza mnyamata amene ali ndi luso lalikulu komanso zofooka zochepa, choncho palibe chifukwa cholandirira vuto la gulu lachitatu. Kuyambira pakati pa ndime yoyamba kupita m'munsi aliyense ali ndi chomutsitsa, ndipo ntchito yanu ndi kusankha vuto limene mukukhulupirira kuti lingakonzedwe. M'ndime zomaliza tengani mnyamata amene ali ndi chida chimodzi chachikulu, popeza kumeneko n'kumene Detroit inapeza Pavel Datsyuk pa nambala 171 mu 1998 ndi Henrik Zetterberg pa nambala 210 mu 1999. Ngati muli ndi manambala angapo oyandikana, musawagwiritse ntchito onse pa chiopsezo cha mtundu umodzi.

Tsopano mukhoza kutsegula mindandanda ya ena. Pamene mwasiyana nawo kwambiri, onereraninso masewero awiri, ndipo musinthe pokhapokha mutaona chinthu chimene munachiphonya.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira mpikisano waufupi kuposa sizoni yonse. Jesse Puljujärvi anapeza mapointi 17 m'masewero 7 pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 20 mu 2016, akusewera mu mzere umodzi ndi Sebastian Aho ndi Patrik Laine, ndipo Edmonton inamutenga pa nambala 4, koma sanafike pa zimene ankayembekezeredwa. Mpikisano wotere ndi wothandiza poona mnyamata pakati pa anzake opambana, koma uyenera kutsimikizira zimene mwaona m'miyezi isanu ndi umodzi, osati kuzilowa m'malo.

Kusankha potengera chosowa cha lero. Mu 2018 Montreal inkafuna kwambiri wosewera wapakati ndipo inatenga Jesperi Kotkaniemi pa nambala 3, n'kusiya Brady Tkachuk amene Ottawa inamutenga pa nambala 4. Pofika mu 2021 Kotkaniemi anali atapita ku Carolina, pamene Tkachuk anakhala kaputeni wa Ottawa chaka chomwecho. Anyamata ambiri amayamba kuthandiza timu patatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo panthawiyo zosowa za timu zimakhala zitasintha.

Kutenga msanga mnyamata amene mukanamupeza mochedwa. Mu 2015 Boston inali ndi manambala 13, 14 ndi 15 motsatizana, ndipo pa 15 inatenga Zach Senyshyn, amene mindandanda yambiri inamuika pansi kuposa pamenepo, pamene Barzal ndi Kyle Connor anasankhidwa pa manambala awiri otsatira. Ngati mumamukonda mnyamata kuposa mmene ena amamuonera, sinthanitsani nambala yanu kuti mutsike n'kupezapo ina yowonjezera.

Kumulanga mnyamata chifukwa chakuti simunamuone mokwanira. Sizoni ya OHL ya 2020-21 inathetsedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo Wyatt Johnston sanasewere masewero a ligi m'chaka chake cha draft. Dallas inadalira zochepa zimene inaona n'kumutenga pa nambala 23, ndipo sizoni yotsatira anapeza mapointi 124 ku Windsor. Umboni ukachepa, mwayi wa mapeto abwino ndi wa mapeto oipa umakula pamodzi, choncho muwonjezere mbali zonse ziwiri pa sitepe 7.

Kutaya mtima msanga. Thompson anasankhidwa ndi St. Louis pa nambala 26 mu 2016, anasinthidwa kupita ku Buffalo mu 2018, ndipo sizoni yake yoyamba yaikulu, ya zigoli 38, inabwera mu 2021-22 ali ndi zaka 24. Osewera aatali amachedwa kukhwima nthawi zambiri. Musanamutaye kapena kumusinthanitsa mnyamata wa zaka 20 kapena 21, tsegulani kope lanu pa chiganizo chimene munalemba pa sitepe 7, muone ngati chofooka chimene munati chingakonzedwe chikusunthadi, ndipo ngati chikusuntha mupatseni sizoni ina.